Choyatsira Ndudu cha Bwana wa ku Halale

Ntchito ya udalaivala ndinaitaya chifukwa cha kachitsulo kosaposa chala changa chachikulu, ndipo mpaka lero sindinong'oneza bondo. Chimene chimandiwawa n'china, ndicho dzanja la munthu amene sanandilakwire kanthu.

Inali nthawi ya Chitaganya. Ndinkagwira ntchito pa kampani ina yogulitsa makasu, mapulawo ndi malata, ofesi yake m'tauni ya Blantyre, nyumba zake zosungiramo katundu ku Limbe. Bwana amene anandilemba ntchito anali mzungu wokalamba wosuta kaliwo. Ankakhala kutsogolo pambali panga, n'kumayatsa yekha fodya wake ndi machesi, phulusa lili mbwee pamalaya. Iyeyo atapuma ntchito, eni kampani anatitumizira wina kuchokera ku Halale, monga zinkachitikira masiku amenewo. Watsopanoyu anali wamtali, wofiira khosi, ndipo anabwera ndi galimoto yatsopano yakuda yomwe inkaima pakhomo pake ku Nyambadwe ngati ng'ombe yonenepa. Ine ndinkachokera ku Ndirande wapansi m'mawa uliwonse kukaipukuta ndi kuitenthetsa asanatuluke.

Galimoto imeneyo inali ndi zinthu m'kati zomwe sindinaziwonepo. Munali wayilesi. Munali kotsegula kuti muzituluka mphepo yotentha masiku a chiperoni. Munali kabokosi kosungiramo mapepala koyaka nyali ukakatsegula, ndi timbale totayiramo phulusa kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Koma chimene anzanga madalaivala ankasonkhanira kudzaona tikaima pa ofesi chinali choyatsira ndudu. Kanali kachitsulo kozungulira kokhala ndi chogwirira chakuda, kolowa m'kabowo pansi pa wayilesi. Umakakankha ndi chala, n'kudikira pang'ono, kenaka kamadumpha kokha kuti tha! Ukakazula, kunsonga kwake kunali psuu ngati khala. Mnzanga wina woyendetsa lole anati azungu atsala pang'ono kuika mafuwa m'galimoto kuti dona aziphikiramo.

Vuto linali limodzi. Choyatsiracho chinali kutsogolo, bwana ankakhala kumbuyo. Kutsogolo sankafuna n'komwe, poti kwawo kumene anachokera mzungu sankakhala mpando umodzi ndi dalaivala wake. Chinyanja sankachidziwa kupatula mawu asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo lomwe ankalikonda linali lakuti, "Moto!" Ndudu inkakhala ili kale pamlomo. Ine ndinkayenera kukankha kachitsulo kaja, kukazula, ndi kukapereka kumbuyo kasanazirale.

Apa ndiyenera kunena za bambo anga, chifukwa popanda iwo nkhaniyi simveka. Bambo anabwera kuno ali mnyamata kuthawa kwa Apwitikizi, atawoloka malire ku Mulanje ndi mkeka umodzi. Zikhatho zawo zinali zolimba ndi zipsera za mbalamatodya, thabwa lobowolabowola lomwe ankamenyera anthu m'manja kumeneko. Manja omwewo ndi amene anatiphunzitsa ulemu. Kwathu ukapereka chinthu kwa wamkulu ndi dzanja limodzi, ankachibweza. Ukapereka ndi lamanzere, ankakuyang'ana mpaka udzizindikire wekha. Kupereka chakumbuyo, utafulatira munthu, kunali kutukwana kwenikweni. "Amaponyera kumbuyo ndi galu," ankatero bambo. "Munthu umamuyang'ana, manja onse awiri, ngakhale chikhale chingano." Ankanenanso kuti anthu a kuno amatinyoza kuti ndife obwera, choncho pa ulemu pokha asatipeze chifukwa.

Tsono taganizani munthu woleredwa chotero, ali pa chiwongolero, kumbuyo kukumveka, "Moto!" Ndinkatani? Ndinkachepetsa liwiro, n'kupanikiza chiwongolero ndi bondo, n'kuzula choyatsira ndi lamanja, lamanzere litagwirizira pamkono, n'kutembenuka thupi lonse kupereka kwa bwana. Akayatsa, ndinkalandiranso ndi manja awiri. Zonsezi zinkatenga kanthawi kochepa, kongokwanira kunena "zikomo" kawiri kapena katatu. Sindibisa, ndinkanyada nazo. Ndinkauza anzanga kuti bondo langa lokha likhoza kukapeza laisensi. Ndinali chitsiru, ndipo panalibe wondiuza.

Tsiku lake linali Lachisanu madzulo, anthu akuweruka. Tinkachokera ku Limbe kubwerera ku ofesi. Pa Ginnery Corner nthawi imeneyo pankadzaza njinga, ena olowera ku tauni, ena okhotera kwawo. Bwana anati, "Moto!" Ndinakankha, kanadumpha, ndinatembenuka monga mwa masiku onse. Pamsewu panali kakumbi kakang'ono komwe ndinkakadziwa bwino koma tsiku limenelo ndinakaiwala. Tayala linalowamo, bondo linaterereka, galimoto inapatukira kumanzere. Ndinamva kuti gu! kenaka kulira kwa chitsulo pa phula.

Nditaponda buleki n'kutuluka, ndinapeza bambo wachikulire ali pansi, njinga yake itapindika gudumu. Anali telala, mmodzi wa aja osoka pa makonde a masitolo a Amwenye ku Limbe. Madzulo aliwonse ankachotsa mutu wa makina ake patebulo, n'kuumanga pakaliyala kupita nawo kunyumba kuopa akuba. Mutu wa makinawo ndi umene unamugwera padzanja lamanja. Zala zitatu zinali zitayang'ana kumene zala siziyang'ana. Sanalire. Ankangoyang'ana dzanjalo ngati la munthu wina.

Anthu anatiunjikira. Bwana anatsitsa galasi, ndudu yake ikufuka bwinobwino pamlomo, n'kundiuza m'Chingerezi kuti ndiwauze anthuwo kuti wanjingayo ndi amene anadzandira n'kulowa mumsewu. Ndipo ine ndinanena. Ndi pakamwa panga, m'Chinyanja chomveka bwino, ndinati, "Bwana akuti bambowa anakhota okha, katundu anawalemera." Panali mayi wina wogulitsa nthochi amene anatsonya mokweza. Telalayo anadzutsa mutu n'kundiyang'ana kamodzi kokha.

Tinamutengera ku chipatala. Bwana anakana kuti telalayo akhale naye kumbuyo, choncho anakhala pambali panga, dzanja atalikulunga m'kansalu ka kasitomala wake, makina tinaika ku buti. Choyatsira chija chinali pakati pathu m'kabowo kake.

Kunyumba ndinalephera kudya. Mkazi wanga anali woyembekezera mwana wathu wachitatu, ndipo ndi munthu wosadziwa kuzungulira nkhani. Nditamufotokozera zonse, anaika pansi lichero lomwe ankapetera mpunga.

"Tsono manja awiri munapatsa mzungu," anatero. "Maso awiri munasiyira ndani?"

Ndisanatsegule pakamwa, anapitiriza.

"Bwanji osangopereka ndi dzanja limodzi ngati anzanu onse? Mzunguyo ulemu wanuwo amauona? Akudziwa n'komwe kuti muli ndi manja angati?"

Zinandipweteka chifukwa zinali zoona. Lolemba lake ndinayesa. Bwana atati, "Moto!" ndinazula choyatsira ndi lamanzere n'kuchipereka chakumbuyo pamwamba pa phewa, maso ali pamsewu. Mumtima ndinkamva ngati bambo anga akundiyang'ana. Bwana anachilandira mosasamala, ndipo pobweza anandigunditsa nsonga yofiira ija pachikhatho. Ndinalumpha, galimoto inagwedezeka, mesenjala wina wapanjinga anathawira m'ngalande uku akutukwana. Chipsera chake ndili nacho mpaka pano, chozungulira ngati batani.

Pamenepo ndinadziwa kuti nkhani si ya dzanja limodzi kapena awiri. Mphuno imodzi silowa zala ziwiri. Munthu sungagwire khala ndi chiwongolero nthawi imodzi. Ndinalumbira mumtima kuti galimoto ikuyenda, kachitsulo kameneko sindidzakagwiranso. Akafuna moto, galimoto iima. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti lumbiro limeneli likhoza kundichotsetsa ntchito, ndipo ntchito ya dalaivala wa bwana wamkulu inali yosilirika. Panali anthu khumi pageti oifuna.

Mawa lake, titangotsika ku Nyambadwe, anati, "Moto!" Ndinapatukira pambali, ndinakoka buleki yapamanja, ndinakankha choyatsira, ndinadikira, ndinatembenuka n'kupereka ndi manja awiri. Anayatsa uku akundiyang'ana modabwa. Kachiwiri anafunsa ngati galimoto yawonongeka. Ndinati ayi bwana, ili bwinobwino. Kachitatu anamenya msana wa mpando wanga ndi chikhatho.

"Iwe! Palibe kuima! Moto, palibe kuima!"

"Ndamva, bwana," ndinatero, n'kuima.

Munthuyo ankasuta ngati uvuni wa njerwa. Ulendo wa ku Limbe, womwe tinkafika msangamsanga, unayamba kukhala ndi masiteshoni ngati sitima ya ku Beira. Ndinkaima pa Clock Tower, ndinkaima ku Chichiri, ndinkaima paliponse pamene liwu lija lamveka. Ndinayesa kumuthandiza. Ndinagula bokosi la machesi n'kuliika m'kambale kaphulusa kakumbuyo, pafupi ndi bondo lake. Analitola, kuliyang'ana, n'kuliponya pazenera. Anati sanagule galimoto yokhala ndi moto wake kuti azikhwatcha machesi. Apo m'pamene ndinazindikira kuti chimene ankafuna si moto. Ankafuna kuti akatsegula pakamwa, dzanja lakuda lizibwera lokha.

Masiku amenewo anthu ankakana Chitaganya ponseponse, m'misonkhano, m'mabasi, ngakhale panja pa tchalitchi ikatha Misa. Ine sindinali munthu wa misonkhano, ndipo zolankhula za anthu ophunzira zinkandidutsa pamwamba. Koma Chitaganya changa ndinkachidziwa. Chinkakhala kumbuyo kwa khosi langa tsiku lililonse, chikundipumira utsi m'makutu. Ndinkakwiya kwambiri, ndipo ndikakwiya ulemu wanga unkawonjezeka. Sindinamuyankhepo mwano ngakhale kamodzi. Ndinkangoima.

Ku Limbe tinkadutsa pa khonde la telala uja. Masabata oyamba tebulo lake linali lopanda munthu, litavindikiridwa ndi chiguduli. Kenaka anabwerera, dzanja lili m'bandeji. Ndikamayandikira pamenepo ndinkapeza chifukwa choyang'ana mbali ina. Munthu amene ndinkalimba mtima pamaso pa mzungu ndinkaopa maso a telala.

Tsiku lina anandiitana kalaliki wamkulu wa pa ofesi. Anali bambo wa tayi, mkulu wa mpingo ku Mishoni, wa banja lakale la m'Blantyre muno. Anatseka chitseko n'kundiuza kuti ndikhale, zomwe sanachitepo.

"Achimwene, mukuchita masewera ndi ntchito," anatero. "Bwana wandiuza kuti ndiyambe kufufuza dalaivala wina. Ine ndamupepesa kuti akupatseni mpata womaliza. Vuto ndi chiyani? Kupereka moto basi?"

"Ndimapereka, bambo. Koma galimoto itaima."

"Inu a kwa Apwitikizi muli ndi makani obadwa nawo. Akazi anu ali ndi pakati, sichoncho? Mwanayo adzadya makani anuwo?"

"Nanga ana a telala akudya chiyani?"

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Nkhani ya telalayo ankaidziwa, poti ndi iye amene analemba kalata ya kampani yonena kuti wanjinga anakhota yekha. Pomaliza anangoti, "Ndakuchenjezani. Mukaimanso kamodzi, musadzandione ine."

Madzulo ndinamuuza mkazi wanga. Ndinkayembekezera kuti andikalipira. Anasisita mimba yake, kenaka anati, "Mukachotsedwa ndidzakutukwanani mwezi wathunthu, dziwiranitu. Koma mukadzagunda wina, musadzalowe m'nyumba muno." Ndinaona kuti pa ziwirizo, kutukwanidwa ndikhoza kupirira.

Mpata womalizawo unatha Lachinayi lotsatira. Bwana ankayenera kukalandira mkulu wake wochokera ku Halale pa siteshoni ya Limbe, ndipo tinanyamuka mochedwa chifukwa cha iye mwini. Kuchokera pa ofesi sanasute, ankangoyang'ana wotchi. Ndinayamba kuganiza kuti mwina lero tipulumuka tonse. Koma titafika pa Ginnery Corner, pamalo pomwe paja, ndinamva kukhwekhwereza kwa paketi. Ndikhulupirira anachita dala.

"Moto," anatero, motsitsa mawu. "Palibe kuima."

Ndinaona nkhope ya mkazi wanga, ndinaona ana anga awiri, ndinaona geti ndi anthu khumi aja. Kenaka ndinaona kakumbi kaja, kakadali pomwepo pamsewu. Ndinatulutsa dzanja pazenera kusonyeza kuti ndikuima, n'kupatukira pambali.

Poti unali moto womaliza, ndinati ndiupereke mokwanira monga anandiphunzitsira bambo. Ndinakoka buleki yapamanja. Ndinakankha choyatsira. Chitadumpha ndinachizula, ndinatsegula chitseko changa, ndinatuluka, ndinazungulira kumbuyo kwa galimoto osathamanga, ndinatsegula chitseko cha bwana, ndinavula chipewa n'kuchipanira kukhwapa, ndinawerama, n'kupereka ndi manja awiri. Anachilanda mwaukali n'kuchigunditsa ku ndudu. Anakoka mpweya kamodzi, kawiri, masaya kulowa m'kati. Palibe chinafuka. Kachitsuloko sikasunga moto nthawi yaitali, kanali katazirala ndili m'njira.

"Wazima, bwana," ndinatero. "Ndikayatsenso."

Ndinatambasula manja awiri kuti ndilandire. Mayi wogulitsa nthochi uja anali pamalo pake, ndipo ndi iye anayamba kuseka. Anyamata okonza njinga pansi pa mtengo anatsatira, kenaka anthu odikira basi. Khosi la bwana linafiira kuposa choyatsiracho. Anatuluka m'galimoto akukuwa m'Chingerezi ndi m'chilankhulo china chosakanikirana cha ku migodi, akuloza makiyi, akuloza msewu. Zambiri sindinazimve, koma mfundo yake inali yosavuta.

Ndinamudikira amalize. Kenaka ndinalankhula m'Chinyanja, pang'onopang'ono, osati kuti iye amve, koma anthu aja.

"Pano ndi pamene tinathyola dzanja la telala. Ndinakuuzani kuti anakhota yekha. Linali bodza. Ndinakhota ndine, ndikupereka moto kwa bwanayu galimoto ikuyenda."

Kuseka kunatha. Mayi wa nthochi anati, "Tinaona, bambo. Timangodikira kuti munene liti."

Jekete ndi chipewa zinali za kampani. Ndinavula, ndinapinda bwino, n'kuika pampando wakumbuyo. Bwana analowa kutsogolo, kumene ankakana kukhala miyezi yonseyo. Anakankha yekha choyatsira, anadikira, anayatsa ndudu yake galimoto ili chiimire, n'kubweza kachitsuloko m'kabowo kake. Zonsezo zinam'tengera nthawi yochepa kuposa imene anatha akukuwa. Ananyamuka magiya akulira ngati nkhumba.

Ndinatsala pamsewu ndi malaya amkati. Sindinganame kuti ndinali wosangalala. Kutsogolo kunali miyezi yambiri ya maganyu ndi ndiwo za masamba ndisanapeze ntchito yoyendetsa lole ya mchenga. Mkazi wanga anasungadi lonjezo lake la kutukwana, anawonjezeranso sabata. Koma zonsezo zinali zam'tsogolo. Tsikulo sindinalowere ku Ndirande. Mlandu suola. Ndinayamba wapansi kulowera ku Limbe, njinga zikundipitirira.

Ndinapeza telala ali pa khonde lake. Bandeji anali atachotsa. Zala zitatu zija zinapola zitapindikira m'kati, zouma ngati mizu ya chinangwa. Makina anali atawakonza, koma pambali pake panalibe masuti kapena madiresi aukwati monga pa matebulo a anzake. Panali mulu wa akabudula akale ofuna zigamba. Ndinaima pansi pa masitepe, n'kuwomba m'manja.

"Odi, bambo. Kaya mwandikumbukira?"

"Kumaso ayi," anatero. "Tatembenukani."

Ndinatembenuka.

"Eya, ndinu. Nkhongo yanuyo ndimaidziwa. Chibadwire sindinaonepo galimoto ikubwera woyendetsa atandifulatira."

Atelala anzake anasiya kupalasa makina. Ndinakwera masitepe, ndinagwada pafupi ndi tebulo lake, n'kunena zonse: za bondo, za kakumbi, za bodza lija, ndi zoti ntchito yandithera lero. Ndinati sindinabwere ndi kanthu m'manja, koma kulikonse kumene angafune kuti ndikanene zoona, ndipita naye. Anamvetsera osandidula.

"Tsiku lija munkapereka chiyani kumbuyoko?" anafunsa.

"Moto, bambo. Woyatsira ndudu."

"Anasuta?"

"Anasuta."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kuyang'ana dzanja lake. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo sindinamupemphe kuti anene. Patapita kanthawi anatola singano yosokera mabatani ndi dzanja lamanzere, n'kuiloza kwa ine pamodzi ndi ulusi wakuda.

"Poti mwabwera, tandilowetserani uwu. Chiyambire m'mawa ukundikana."

Ndinanyowetsa ulusi pamilomo, ndinaulowetsa, ndinamanga mfundo. Kenaka ndinam'bwezera singanoyo ndi manja awiri, ndikumuyang'ana kumaso. Iye anatambasula lamanzere kuti alandire. Lamanja linadzukanso lokha kuti ligwirizire, monga nayenso analeredwera, koma zala zake sizinathe kutseguka.